KODI NDI INJINI ITI YOYENERA GALIMOTO YODZIPANGIRA?

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chipata

Munthu amene ayenda m'magaraja a mumzinda wa Chipata, kuyambira ku Kapata kufikira m'mbali mwa mseu wa ku Lundazi, sacedwa kuona galimoto imene thupi lace ndi la mtundu wina ndipo injini yace ndi ya mtundu winanso. Pali ma Land Rover akale amene tsopano ayenda ndi injini ya dizilo ya ku Japan, pali mavaneti amene bodi yao inaochereredwa ndi manja pansi pa mtengo, ndiponso pali anyamata amene agula chasisi ya galimoto yakufa ndi colinga cakuti amangepo galimoto yao-yao. Onsewa afika pa funso limodzi lalikulu: kodi tiikemo injini yotani?

Kwa zaka zambiri yankho linali lapafupi, cifukwa injini zopezeka kuno zinali za mapisitoni zokha-zokha. Koma masiku ano, pamene munthu angathe kuona pa foni yace magalimoto akale ogulitsidwa ku Japan, okonda zamakina ayamba kufunsa za injini ya rotary, imene iri m'magalimoto a Mazda RX-7 ndi RX-8. Injini imeneyi ndi yaing'ono, ndi yopepuka, ndipo iri ndi mphamvu zodabwitsa. Tisanataye ndalama zimene tinazipeza mobvutikira pogulitsa fodya, thonje kapena nshawa, ndi bwino kuti tiyeze injini ziwirizi mofatsa.

MWAMBO WAKALE M'DZIKO LINO

Kumanga galimoto ndi zidutswa si cinthu cacilendo mu Zambia. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat amene anali kubwera m'mabokosi, ndipo ku Ndola kampani ya Rover Zambia inali kucita cimodzimodzi ndi ma Land Rover. Muno mu Chipata fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle m'zaka za m'ma 1980. Nchito ya mafakitale amenewa inazirala pamene kayendetsedwe ka cuma kanasintha m'zaka za m'ma 1990, koma luso la manja linatsala mwa anthu.

Luso limeneli linakula kwambiri m'nthawi ya mabvuto. Mu January 1973 boma la Ian Smith ku Rhodesia linatseka malire ace ndi dziko lino, ndipo pofika caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa pa misika ya dziko lapansi. Ndalama zakunja zinasowa, masipeya anasowanso, motero amakaniko anaphunzira kuphwasula galimoto imodzi kuti adzutse inzace. Amene anaona zaka zimenezo adziwa bwino kuti galimoto yokongola ikasowa kacitsulo kamodzi isanduka khola la nkhuku.

Ku maiko ena, galimoto yomangidwa ndi mwini wace amaicha kit car. M'caka ca 1957 Mngelezi wina, Colin Chapman, anayamba kugulitsa kagalimoto ka Lotus Seven m'zidutswa, popeza kuti zidutswa sizinali kulipiridwa msonkho umene unali pa galimoto yomalizidwa. Kampani ya Caterham inagula ufulu wopanga kagalimotoka mu 1973, ndipo ku South Africa kampani ya Birkin inayamba kupanga kofanana nako m'zaka za m'ma 1980. Ku America, Bruce Meyers anamanga galimoto yoyenda pamcenga, yochedwa Manx, ndi zidutswa za Volkswagen Beetle mu 1964. Cofunika kuona ndi cakuti ambiri amene anamanga magalimoto otere anasankha injini za Ford, Volkswagen ndi Toyota, zimene masipeya ace anali kupezeka m'tauni iriyonse.

M'MENE INJINI ZIWIRIZI ZIGWIRIRA NCHITO

Injini ya mapisitoni, imene Nicolaus Otto wa ku Germany anaikonza m'caka ca 1876, igwira nchito monga munsi mumtondo. Pisitoni itsika mu silinda ikukoka mpweya ndi petulo, ikwera ikuzipanikiza, pulagi iyatsa moto ndipo kuphulika kwace kukankhira pisitoni pansi, kenaka ikweranso kutulutsa utsi. Mavaluvu atseguka ndi kutsekeka pa nthawi yace, ndipo kirankishafuti isandutsa kukwera ndi kutsika kumeneku kukhala kuzungulira kumene kuyendetsa mawiro. Injini ya dizilo, imene inachedwa ndi dzina la Rudolf Diesel, itsata njira yomweyo, koma m'malo mwa pulagi, mafuta ayaka okha cifukwa ca kutentha kwa mpweya wopanikizidwa kwambiri.

Injini ya rotary ndi nzeru za Mjeremani wina, Felix Wankel, ndipo yoyamba inalira m'caka ca 1957 pa fakitale ya NSU. M'kati mwace mulibe pisitoni, mulibenso mavaluvu. Muli citsulo ca ngondya zitatu cochedwa rota, cimene cizungulira m'cipinda cooneka ngati khoko la nshawa ya njere ziwiri. Mbali iriyonse mwa mbali zitatu za rota ikoka mpweya, iupanikiza, iyatsidwa ndi kutulutsa utsi pamene ikuzungulira m'khokomo. Rota ikazungulira kamodzi, shafuti ya pakati yazungulira katatu. Injini yochuka ya Mazda, yochedwa 13B, iri ndi marota awiri, ndipo ukulu wace wonse ndi 1,308 cc cabe.

UBWINO WA ROTARY

Tisanamize owerenga kuti injini imeneyi iribe ubwino. Zitsulo zazikulu zoyenda m'kati mwa 13B ndi zitatu zokha, ndizo marota awiri ndi shafuti imodzi, pamene injini ya masilinda anai iri ndi makumi angapo a zitsulo zoyenda. Popeza mulibe cinthu cokwera ndi kutsika, injiniyi siinjenjemera kwambiri. Ndi yaifupi ndi yopepuka, kotero kuti ilowa m'malo opanikizika ndipo siilemetsa kutsogolo kwa galimoto. Mu RX-8 ina, injini ya 1,308 cc imeneyi inali kutulutsa mphamvu yoposa ya akavalo 200 ndi kuzungulira nthawi 9,000 pa mphindi imodzi. Mu 1991 galimoto ya Mazda 787B, ya marota anai, inapambana mpikisano wa maora 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, ndipo Mazda inakhala kampani yoyamba ya ku Japan kucita zimenezi.

Munthu womanga kagalimoto kopepuka ka anthu awiri, koti azikathamangitsa pa bwalo la mpikisano, ali ndi cifukwa comveka cokhumbira injini yotere. Koma akulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

NYERERE ZA M'KATI

Bvuto loyamba liri pa nsonga zitatu za rota. Pa nsonga iriyonse pali kacitsulo kosalala, kamene amakaniko amakacha apex seal, ndipo nchito yace ndi yofanana ndi ya maring'i a pisitoni. Tizitsulo timeneti tikhula khoma la cipinda nthawi zonse pamene injini ikulira. Tikatha, mpweya upulumuka, injini ibvuta kulira maka-maka ikatentha, ndipo mphamvu icepa. Tikathyoka, zidutswa zace zikanda khoma ndi kuononga rota.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu. Silinda ya injini ya mapisitoni ikatha, angathe kuiboola pang'ono pa makina ndi kuikamo mapisitoni okulirapo. Kirankishafuti ipalidwa, hedi isalazidwa, maberingi ndi magasiketi asinthidwa, ndipo injini ibwerera pa mseu. Nchito imeneyi amisiri a m'dziko lino aidziwa kwa zaka zambiri. Koma cipinda ca rota ndi ca aluminiyamu cokutidwa m'kati ndi citsulo colimba copyapyala, ndipo cikakandika kwambiri sicibooledwa monga silinda. Cifunika kugula cina, ndipo cimeneco cicokera kunja kwa dziko.

Bvuto laciwiri ndi oilo. Injini ya rotary inapangidwa kuti izitentha oilo pang'ono mwadala, pofuna kufewetsa tizitsulo ta pansonga tija. Mwini wace ayenera kumayang'ana oilo kawiri-kawiri ndi kuonjezera. Dalaivala amene anazolowera kuyang'ana oilo kamodzi pa mwezi angathe kupha injiniyi asanadziwe.

Bvuto lacitatu ndi petulo. Malo oyakira moto m'kati mwa rotary ndi aatali ndi opyapyala, motero petulo wina atuluka asanapse bwino, ngakhale kuti rota iriyonse iri ndi mapulagi awiri. RX-8 iyenda makilomita pakati pa 7 ndi 9 pa lita imodzi, pamene Toyota Corolla ya injini yaing'ono ingathe kupitirira makilomita 13. Kucokera ku Chipata kupita ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Tikawerengera, ya rotary ifuna malita okwana ngati 70, pamene ya mapisitoni ifuna ongopitirira 40 pang'ono. M'dziko lopanda gombe la nyanja ya mcere, m'mene mafuta onse acokera kunja ndi kuyenda mtunda wautali asanafike ku cigawo ca Kum'mawa, kusiyana kumeneku ndi ndalama zambiri pa caka. Tikumbukirenso kuti magalimoto onse a rotary amene anagulitsidwa m'masitolo anali a petulo, ndipo wofuna dizilo ayenera kuyang'ana ku mapisitoni.

ZIMENE MBIRI ITIPHUNZITSA

Makampani akulu anayesa kale injini imeneyi, ndipo zimene anakumana nazo ndi phunziro kwa ife. Mu 1967 NSU inatulutsa galimoto yokongola yochedwa Ro 80, imene inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya caka ca 1968 ku Ulaya. Koma m'magalimoto oyamba tizitsulo ta pansonga tinali kutha msanga, ndipo kampani inataya ndalama zambiri posinthira anthu mainjini kwaulere. Mu 1969 NSU inagulidwa ndi Volkswagen, ndipo Ro 80 inaleka kupangidwa mu 1977 atapanga pafupifupi 37,000 cabe. Eni ace ambiri anacotsamo rotary ndi kuikamo injini ya mapisitoni ya Ford V4 kuti galimoto zao zipitirize kuyenda.

Ku France, Citroën inatulutsa GS Birotor mu 1973, caka comwe mtengo wa mafuta unakwera koopsa pa dziko lonse. Anagulitsa osafika 1,000, ndipo pambuyo pace kampani inayesa kuwagula kwa eni ace ndi kuwaphwanya kuti isabvutike ndi kusunga masipeya.

Mazda yokha ndiyo inalimbikira. Inagula cilolezo ca injiniyi mu 1961, ndipo akatswiri ace, motsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto, anakonza zambiri mwa zolakwika zace kufikira anatulutsa Cosmo Sport mu 1967 ndi RX-7 mu 1978. Komabe pamene anaiika m'magalimoto onyamula zolemera, siinapite patali. Vaneti ya rotary imene anagulitsa ku America inakhala kuyambira 1974 mpaka 1977. Basi yaing'ono yochedwa Parkway, imene inatuluka mu 1974, anapanga zosafika 50. Mu 1975 anatenga thupi lalikulu la galimoto ya Holden ya ku Australia ndi kuikamo 13B, naicha Roadpacer, koma inali yaulesi ponyamuka ndi yakumwa petulo mopitirira muyeso, ndipo inatha mu 1977. RX-8 inaleka kupangidwa mu 2012. Pamene Mazda inabwezanso rotary mu 2023, m'galimoto ya MX-30, inaipatsa nchito yozunguza jenereta yopangira magetsi, osati yozunguza mawiro.

MISEU YATHU NDI KATUNDU WATHU

Cifukwa cimene basi ndi vaneti zija zinalepherera ndi cofunika kwa mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi. Mphamvu ya rotary ituluka pamene injini ikuzungulira mwaliwiro kwambiri. Ikamazungulira pang'ono-pang'ono, mphamvu yace yokoka ndi yocepa. Koma galimoto ya kuno igwira nchito yace yaikulu pa liwiro locepa: inyamuka ndi matumba a cimanga kapena a fetereza, ioloka khwawa, ilimbana ndi matope a mu February, ikwera zitunda za ku Manenekera pa mseu wa Great East. Pa nchito zotere, injini ya dizilo ya masilinda anai, imene ikoka mwamphamvu ngakhale ikulira motsika, ndiyo ithandiza.

Mzinda wa Chipata uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo pamalo okwera otere mpweya ndi wopepuka, kotero kuti injini iriyonse yopanda turbo itaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yace. Injini imene iri kale yofooka ponyamuka imva kucepa kumeneku koposa inzace.

Palinso kutentha ndi fumbi. Wotsikira ku Mfuwe m'cigwa ca Luangwa mu October akumana ndi kutentha kofika madigiri 40. Injini ya rotary inamangidwa ndi zigawo za aluminiyamu ndi za citsulo zosanjikizana, zomangidwa pamodzi ndi mabauti aatali, ndipo pakati pace pali mphira zotsekera madzi. Ikawira kamodzi kokha, zigawozi zingathe kupindika ndipo madzi alowa m'cipinda ca moto. Injini ya mapisitoni ikawira nayonso ionongeka, koma kawiri-kawiri kusalaza hedi ndi kusintha gasiketi kukwanira. Fumbi la m'miseu ya dothi ndi mdani wa injini zonse, koma likapyola sefa ya mpweya ya rotary lipera tizitsulo tija timene sitipezeka m'sitolo ya pafupi.

NCHITO YOIKA INJINI

Kugula injini ndi ciyambi cabe. Iyenera kukhazikidwa pa zomangira zolimba, kulumikizidwa ndi giyabokosi, ndi kupatsidwa radiyeta yoyenera. Shafuti ya rotary ituluka pakati peni-peni pa injini, pamwamba pang'ono kusiyana ndi kirankishafuti, motero mmisiri ayenera kugula giyabokosi yace yomwe kapena kusula mbale yolumikizira, ndipo mwina kudula pansi pa galimoto. Ifunanso coziziritsira oilo capadera, ndipo utsi wace ndi wotentha kwambiri kotero kuti paipi wamba siikhalitsa. Injini ya RX-8 iyendetsedwa ndi kakompyuta kamene kagwirizana ndi kiyi ya galimoto imene inacokamo, ndipo popanda zimenezi siilira. Injini zatsopano za mapisitoni nazonso ziri ndi makompyuta, koma amisiri a magetsi a galimoto amene adziwa mawaya a Toyota ndi Nissan ndi ambiri. M'masukulu a zaluso, monga Chipata Trades Training Institute, maphunziro a umakaniko ayambira pa injini ya mapisitoni, cifukwa ndiyo imene ophunzira adzakumana nayo pa nchito.

Osankha mapisitoni naonso asagone tulo. Injini yolemera ya dizilo ikaikidwa pa chasisi yopepuka ifooketsa masipuling'i, ing'amba pamene anaocherera, ndipo ilemetsa ciongolero. Injini yamphamvu pa mabuleki akale ndi ngozi kwa okwera ndi kwa oyenda pa njinga, amene ndi oculuka kwambiri m'miseu ya mzinda uno. Amene aonjezera mphamvu ya injini ayenera kuonjezeranso mphamvu ya mabuleki. Ndiponso injini yakale iriyonse iyenera kupimidwa mphamvu yace yopanikiza mpweya musanapereke ndalama. Ya mapisitoni ipimidwa ndi cipangizo cimene magaraja ambiri ali naco, koma ya rotary ifuna copimira cimene cionetsa mbali zitatu za rota iriyonse pazokha.

LAMULO LIKUTI BWANJI?

Galimoto iriyonse yolembedwa m'kaundula wa Boma iri ndi buku lace, limene anthu amalicha white book, ndipo m'menemo muli nambala ya chasisi ndi nambala ya injini. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la caka ca 2002, ndilo lisunga kaundula ameneyu ndi kupima ngati galimoto iri yoyenera kuyenda pa mseu. Wosintha injini ayenera kukadziwitsa bungweli kuti nambala yatsopano ilembedwe, ndipo womanga galimoto ndi manja ayenera kufunsa ku ofesi yao asanayambe nchito, osati ataimaliza.

Sungani risiti ya injini imene mwagula. Ngati inalowa m'dziko kudzera pa cipata ca Mwami, ca Chanida kapena ca Nakonde, funsani mapepala a msonkho a Zambia Revenue Authority. Injini yotsika mtengo imene nambala yace inafufutidwa ingathe kukhala yakuba, ndipo wopezeka nayo ndiye ayankha mlandu. Uzaninso a inshuwalansi za kusinthako, cifukwa pa tsiku la ngozi angathe kukana kulipira galimoto imene iri yosiyana ndi imene inalembedwa m'mapepala ao.

TISANKHE ITI?

Munthu asanasankhe adzifunse mafunso anai. Kodi galimoto imeneyi idzagwira nchito yanji? Kodi ikafa pakati pa Katete ndi Sinda, ndani adzaikonza? Kodi kacitsulo kofunikako kadzapezeka mu Chipata, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, kapena kadzayembekezedwa kwa milungu ingapo kucokera kutsidya la nyanja? Nanga petulo wa caka conse adzadya ndalama zingati?

Amene ali ndi galimoto ina yoyendera tsiku ndi tsiku, amene amanga kagalimoto kopepuka ka masewera, ndipo ali wokonzeka kuphunzira yekha kuphwasula ndi kumanga injini ndi kuitanitsa masipeya kunja, angathe kusankha rotary ndipo adzakondwera nayo. Palibe coipa kuti acinyamata athu aphunzire makina acilendo, pakuti dziko litukuka ndi anthu ofuna kudziwa.

Koma kwa mlimi, kwa wamalonda, ndi kwa yense amene galimoto yace ndiyo idyetsa banja, kutengera ana ku sukulu ndi kuthamangitsa wodwala ku cipatala usiku, injini ya mapisitoni ya mtundu wofala ndiyo yoyenera. RX-8 yakale ingaoneke yotsika mtengo pa cithunzi, koma kawiri-kawiri mtengo wace utsika cifukwa ogula a kwaoko adziwa zimene zifunika poikonza. Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mphamvu ya akavalo 200 iribe phindu ngati galimoto iri pa miyala kudikira kacitsulo kocokera ku Hiroshima, pamene thonje likuyembekeza kupita ku msika.